Tifunseni: Munthu amafika bwanji pa uphunzitsi wa lacrosse m'makoleji a ku America?

Mwezi uno makalata angapo afika ndi nkhani imodzi, ya masewera a lacrosse, ndipo ambiri achokera kwa abale athu okhala kunja amene ana awo akulira m'masewerawa. Kwa amene simunawaonepo: wosewera aliyense amanyamula ndodo yokhala ndi kaukonde kunsonga, ndipo ndi kaukondeko amawakha mpira wa labala wolimba, kuthamanga nawo, n'kuuponya m'golo la mamita 1.83 m'litali ndi m'lifupi. Eni ake masewerawa ndi anthu oyamba kukhala ku North America, makamaka a Haudenosaunee, amene mpaka lero amati ndi masewera a Mlengi. Malamulo olembedwa anabwera mu 1867 ndi dokotala wa mano wa ku Montreal, William George Beers. M'makoleji amuna amasewera 10 mbali iliyonse, akazi 12.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna amaliza digiri yake Meyi akubwerayu. Zaka zinayi zonse wakhala akusewera lacrosse pa koleji yaing'ono ya Division III, ndiye pano akuti akufuna kukhala kochi. Ine ndimayembekeza kuti apeza ntchito ya mu ofesi. Kodi imeneyi ndi ntchito yeniyeni? Nanga amayambira pati? Bambo wa ku South Bend, Indiana.

YANKHO: Bambo, ndi ntchito yeniyeni, koma khomo lake ndi lopapatiza ndipo zaka zoyamba n'zowawa. Ndi bwino mudziwiretu zonse ziwiri musanakhale naye pansi.

Masewera a m'makoleji ambiri ali pansi pa bungwe la NCAA, ndipo ali m'magawo atatu. Ku Division I kuli matimu a amuna pafupifupi 75 ndi a akazi oposa 120. Division III, kumene mwana wanu wasewera, ndiye yaikulu pa chiwerengero, matimu a amuna okha amaposa 200, koma ndalama n'zochepa ndipo kulibe sikolashipu ya masewera. Division II ili pakati pa ziwirizi. Ndiye werengani nokha: mipando ya mphunzitsi wamkulu wa amuna ku Division I ndi yowerengeka chonchi m'dziko lonse lija, ndipo amene aikhalira sachoka msanga. Pafupi ndi kwanuko, pa yunivesite ya Notre Dame, a Kevin Corrigan anayamba kutsogolera timu mu sizoni ya 1989, chikho choyamba n'kudzachigwira mu 2023, chachiwiri mu 2024. Mpando umodzi, munthu yemweyo, zaka zoposa 35.

Ambiri amalowera pa udindo umene kumeneko amautcha graduate assistant. Koleji imamulipirira munthu fizi ya digiri ya masitazi, kumupatsa kangachepe pamwezi, mwina ndi chipinda ndi chakudya, iye n'kumathandizira mphunzitsi kwa zaka ziwiri. Ena amayamba ngati wothandizira wamng'ono pa koleji ya Division II kapena III, ena pa timu ya sekondale. Ntchito ya pamenepa si ya ulemu. Iyeyo ndiye amatsegula chipinda cha zipangizo kunja kusanache, kusoka ukonde wa golo ukang'ambika, kuponyera goloboyi mipira zokonzekera zisanayambe, kudula kanema wa masewero usiku, kuyendetsa minibasi ya timu, kuitanitsa chakudya cha paulendo. Tsiku la masewero nthawi zambiri amamuimika pa box, kabwalo ka m'mbali kosinthira osewera. Mu lacrosse osewera amasinthana mpira uli mkati, osadikira wezulo, ndipo woima pa box ndiye amawerenga kuti m'bwalo asapitirire 10, komanso kuti onyamula ndodo zazitali, zotchingira kumbuyo, asapitirire anayi. Akangosokoneza kuwerengako pa mphindi yomaliza, timu imalandidwa mpira kapena kusewera yoperewera munthu mmodzi kwa masekondi 30. Mphunzitsi wamkulu amayamba kumukhulupirira mnyamata pa tinthu ngati timeneti, osati pa nzeru zojambula pa bolodi.

Akaonetsa kuti ndi wodalirika amapatsidwa mbali yakeyake. Wina amatenga omwetsa zigoli, wina otchinga kumbuyo, wina agoloboyi ndi akatswiri a face-off, kulimbirana mpira kwa pakati pa bwalo kumene kumachitika gawo lililonse likamayamba ndiponso chigoli chikalowa. Mmodzi mwa iwo amasenzanso udindo wosaka osewera atsopano. Akachita bwino pamenepo, mwina atenga timu yaing'ono ngati mphunzitsi wamkulu, kapena asamukira ku timu yaikulu ngati wachiwiri.

Taonani zaka zake. A John Tillman anamaliza ku Cornell mu 1991. Anathandizira ku Ithaca College zaka zinayi, ku koleji ya asilikali apamadzi ya Navy zaka 12, ndiye kuti zaka 16 asanakhalepo bwana. Harvard inawapatsa timu mu sizoni ya 2008, Maryland n'kuwatenga kuyambira 2011. Kumeneko analuza fainolo kanayi, mu 2011, 2012, 2015 ndi 2016, asanatenge chikho mu 2017. A Bill Tierney, amene ali ndi zikho 7 za Division I, anayambira m'masekondale a ku Long Island, kenako pa koleji ya Division III ya RIT kuyambira 1982. Atapita ku Johns Hopkins ngati wothandizira ankaphunzitsanso timu ya mpira wa miyendo ya pasukulupo. Sizoni yawo yoyamba ku Princeton, mu 1988, anapambana masewero awiri okha n'kuluza 13. Pofika 1992 anali ndi chikho.

Alipo ofulumira, inde. A Connor Buczek anapatsidwa timu ya Cornell mu 2020 ali ndi zaka 26, ndipo mu 2025 anaibweretsera chikho choyamba chichokereni 1977. Koma onani mmene mwayiwo unabwerera. Johns Hopkins inasiyana ndi mphunzitsi wake a Dave Pietramala mu Epulo 2020, n'kutenga a Peter Milliman a ku Cornell, mpando wa ku Cornell n'kutsala wopanda munthu. A Buczek anali pomwepo, atayamba ngati wothandizira wosalipidwa uku akuphunzira masitazi. Umu ndi mmene ntchitozi zimayendera: mpando umodzi ukagwedezeka pamwamba mu Meyi kapena Juni, ina isanu imatseguka m'munsi mwake pofika Ogasiti. Ambiri amatengedwa chifukwa mphunzitsi wina waimbira mnzake foni n'kunena kuti mnyamata uyu ndamuona, mutengeni.

Choncho zimene mwana wanu achite ndi izi. Asadikire Meyi. Apite kwa mphunzitsi wake panopa, amuuze maganizo ake, amupemphe kuti aimbire anzake. M'chilimwe akagwire ntchito m'makampu ophunzitsa ana, chifukwa kumeneko ndi kumene aphunzitsi a makoleji osiyanasiyana amadyera tebulo limodzi. Asankhe luso limodzi losowa, monga kuphunzitsa agoloboyi kapena face-off, alidziwe mpaka pansi. Aphunzire pulogalamu yodulira makanema, monga Hudl. Akhale ndi setifiketi ya chithandizo choyamba ndi CPR (njira yotsitsimutsa munthu mtima ukaima), laisensi yoyendetsera galimoto yopanda milandu, ndiponso maphunziro a uphunzitsi a bungwe la USA Lacrosse. Alowe bungwe la aphunzitsi a matimu a amuna, IMLCA, limene limachita msonkhano waukulu mu Disembala. Akaitanidwa kukafunsidwa mafunso atenge mapepala awiri olemba yekha: ndondomeko ya zokonzekera za tsiku limodzi, ndi lipoti lofotokoza mmene timu ina imasewerera ndi pamene ili yofooka.

Ifeyo tikanakhala inu tikanamulola, koma tikanaumirira chinthu chimodzi: alowere khomo la graduate assistant. Zikakanika pakatha zaka zisanu adzatuluka ali ndi masitazi m'manja.

FUNSO: Tisabisane, ndalama zake zimakwana kulera banja? Mayi wa ku Dallas.

YANKHO: Pamwamba zimakwana n'kutsala, pansi sizikwana. Aphunzitsi aakulu a matimu otchuka a Division I amalandira bwino, ndipo kwa mayunivesite a boma malipirowo si chinsinsi, malamulo a m'madera ambiri amalola aliyense kuwafufuza. Koma iwowa ndi ochepa. Wothandizira wamng'ono pa koleji ya Division III kawirikawiri amalipidwa miyezi 9 kapena 10 yokha pachaka, ena popanda inshuwalansi ya chipatala, chimene ku America ndi nkhani yaikulu. N'chifukwa chake mumawapeza akugona atatu m'nyumba imodzi, m'mawa akugwira ganyu, madzulo ali pabwalo. Ngakhale mphunzitsi wamkulu pa koleji yaing'ono amapatsidwa ntchito yachiwiri: kuphunzitsa kalasi ya masewera olimbitsa thupi, kuyang'anira jimu, kapena kukonza malo timu ina ikamasewera.

Chimene chimatseka mpata ndi makampu a m'chilimwe, masiku oonetsa luso kwa ana a sekondale ofuna malo, ndi kuphunzitsa mwana mmodzimmodzi pa ola. Mphunzitsi wamkulu wabwino amagawira othandizira ake phindu la kampu, ndipo limeneli ndi funso loyenera kufunsa munthu asanasaine.

Zinthu zinasinthako pa 1 Julayi 2023, pamene NCAA inathetsa udindo wa mphunzitsi wongodzipereka ku Division I. Kale timu inkakhala ndi mphunzitsi wamkulu, othandizira awiri olipidwa, ndi mmodzi amene malamulo sankalola kuti koleji imulipire. Tsopano wachinayiyo angathe kulipidwa. Tikuti angathe, chifukwa si koleji iliyonse imene inapeza ndalamayo.

Musanasaine, Mayi, muone zinthu zitatu mu kontirakiti. Ndi ya miyezi ingati? Ili ndi inshuwalansi ndi penshoni? Nanga mphunzitsi wamkulu akachotsedwa, wothandizira zimamuthera bwanji? Nthawi zambiri bwana watsopano amabwera ndi anthu ake, ndipo akale amalongedza. Timu yonse ikhozanso kuthetsedwa: mu Meyi 2020, mliri wa Covid utafinya chuma, yunivesite ya Furman inatseka timu yake ya amuna ngakhale inali ya Division I.

FUNSO: Ndinaona pa intaneti kuti sizoni yawo ndi ya miyezi inayi yokha. Ndiye miyezi ina yonseyo kochi amatani? Wokonda masewera, Lilongwe.

YANKHO: Zoona, masewero amayamba mu Febuluwale, timu imasewera pafupifupi 13 mpaka 16 isanafike m'ndime za zikho, ndipo fainolo imachitika kumapeto kwa Meyi. Koma masewero ndi gawo laling'ono la ntchitoyi. Gawo lalikulu, limene limakweza kapena kugwetsa munthu, ndi kusaka osewera.

Juni ndi Julayi mphunzitsi amakhala pamsewu. Mukapita ku mpikisano wa matimu a ana ku Maryland, Pennsylvania kapena Long Island muwaona ali ndandanda m'mbali mwa bwalo, aliyense pa kampando kopinda, chipewa cha koleji yake kumutu, kabuku ka maina ndi manambala a osewera pa bondo, dzuwa likuswa mtengo. Pa tsiku limodzi amaonera masewero ochuluka, akusuntha bwalo ndi bwalo. Chimene wodziwa amayang'ana si chigoli chokha. Amaona ngati mnyamata amaponya ndi manja onse awiri, ngati amawerama kutola mpira wa pansi adani ali pomwepo kapena amazengereza, ngati amathamangira kumbuyo timu yake ikalandidwa mpira, ndiponso mmene amayankhulira ndi makolo ake masewero akatha. Akabwerera ku hotela amafunsa funso lina: magiredi a mwanayu angamulowetse pasukulu yathu? Luso lopanda magiredi ndi nthawi yotayika.

Pali lamulo la nthawi. Kale makoleji ankalonjeza malo ana a zaka 13 kapena 14, zinthu n'kufika poipa. Mu 2017 NCAA inakhazikitsa kuti mphunzitsi wa Division I asayambe kukambirana za malo ndi mwana kufikira pa 1 Sepitembala wa chaka chake chachitatu cha sekondale. Tsiku ndi ola lenileni amazikonzakonza, choncho mphunzitsi aliyense amafunsa ku ofesi yoona za malamulo pakoleji pake chaka ndi chaka.

Kenako masamu. Kwa zaka zambiri timu ya amuna ya Division I inkaloledwa masikolashipu 12.6 okha, ya akazi 12. Gawani 12.6 kwa osewera 45, aliyense apeza kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi a fizi. Ndiye mphunzitsi amakhala ngati mayi wogawa nkhuku imodzi pa mwambo: goloboyi wabwino apatsidwe theka, uyu kachidutswa, uyo alowe ndi ndalama za makolo ake. Akalonjeza zambiri kwa gulu la chaka chino, chaka chamawa adzasowa chokopera. Kuyambira 2025, khothi litavomereza mgwirizano wa mlandu wokhudza malipiro a osewera wotchedwa House, makoleji amene analowa mu mgwirizanowo alibenso malire a masikolashipu, koma ali ndi malire a chiwerengero cha osewera: 48 kwa amuna, 38 kwa akazi. Masukulu a Ivy League, monga Princeton ndi Cornell, sapereka n'komwe sikolashipu ya masewera. Ku Division III mphunzitsi amagwira ntchito limodzi ndi ofesi yolandira ophunzira, ndipo pa makoleji amene amadalira fizi amauzidwa chiwerengero cha ana oti abweretse chaka chilichonse.

Sepitembala ndi Okutobala ndi nyengo ya zokonzekera ndi masewero apaubale. Novembala mpaka Januwale ndi jimu, makanema, kutsatira magiredi, ndi kuimbira foni osewera akale kupempha thandizo la ndalama za ulendo kapena zipangizo. Ntchito yopemphayi achinyamata ambiri saiganizira, koma mphunzitsi wamkulu amene saidziwa sakhalitsa.

Sizoni ikayamba, malamulo a Division I amalola maola 20 pa sabata a zochitika za timu, osapitirira maola anayi pa tsiku, ndi tsiku limodzi lopuma. Choncho mphindi iliyonse imalembedwa. Nachi chitsanzo cha maola awiri: mphindi 10 kutenthetsa thupi, 15 kuponyerana ndi kuwakha, 10 mipira ya pansi, 15 gulu lililonse palokha ndi mphunzitsi wake, 15 kuthamangitsa mpira anayi kulimbana ndi atatu, 15 kutulutsa mpira kumbuyo ndi kutchinga otulutsa, 25 asanu ndi mmodzi mbali iliyonse pa golo limodzi, 10 kusewera mbali ina itaperewera munthu, 5 zomaliza kuyankhula. Kapepala kameneka kamakhala kopindidwa m'thumba la mphunzitsi aliyense, ndipo lipenga likalira onse amasintha osafunsa. Kutulutsa mpira kumapatsidwa nthawi yambiri chonchi chifukwa cha wotchi. Kuyambira 2019 timu ya amuna ili ndi masekondi 80 oti iponye pagolo, ndipo 20 oyamba mpira uyenera kukhala utawoloka mzere wapakati. Akazi ali ndi masekondi 90. Timu yochedwa kutuluka kumbuyo imafika kutsogolo nthawi itatha kale, n'kumaponya mwa chiponyeponye.

FUNSO: Ndinayamba lacrosse chaka chatha ku yunivesite kuno, kwathu ndinkasewera netibolo. Ndawakonda kwambiri masewerawa. Kodi munthu woyamba mochedwa, mtsikana, komanso wosakhala nzika ya America, angalote zokaphunzitsa kumeneko? Wophunzira, Manchester.

YANKHO: Pa kuchedwa musade nkhawa. A Dom Starsia anafika ku Brown ngati wosewera mpira wa ku America asanagwirepo ndodo ya lacrosse, koma anadzatenga zikho zinayi ndi Virginia, mu 1999, 2003, 2006 ndi 2011. A Mike Daly ali wophunzira ku Tufts ankasewera mpira wa ku America ndi baseball, osati lacrosse, koma anaipatsa sukuluyo zikho zitatu za Division III, mu 2010, 2014 ndi 2015, Brown n'kudzawatenga mu 2016. Wophunzira mochedwa amakumbukira mmene chinthu chilichonse chinamuvutira, ndiye amatha kuchifotokoza. Netibolo yakupatsaninso kale maso odziwa kupeza mpata ndi miyendo yodziwa kumamatira mdani.

Pa kukhala mtsikana, mwayi uli mbali yanu. Lamulo la Title IX la 1972 limakakamiza masukulu olandira ndalama za boma kupereka mwayi wofanana kwa akazi, ndipo lacrosse ndi amodzi mwa masewera amene makoleji akhala akuwonjezera pokwaniritsa lamuloli. N'chifukwa chake matimu a akazi ku Division I ndi ochuluka kuposa a amuna. Timu yatsopano imafuna munthu wolimba mtima woyamba popanda kanthu. A Kelly Amonte Hiller atapatsidwa ntchito youtsa timu ya Northwestern, imene inabwerera mu mpikisano mu 2002, ankatenga ngakhale atsikana othamanga bwino a pasukulupo amene anali asanasewerepo. Mu 2005 anatenga chikho osaluza ngakhale kamodzi, n'kuchisunga zaka zisanu zotsatizana. Pofika 2023 anali nazo 8. Bungwe la aphunzitsi a matimu a akazi ndi IWLCA. Dziwaninso kuti masewera a akazi anapita ku America kuchokera konko ku Britain kumene muliko: anayambira pa sukulu ya St Leonards ku Scotland mu 1890, ndipo Rosabelle Sinclair anakawakhazikitsa pa sukulu ya Bryn Mawr ku Baltimore mu 1926.

Phiri lenileni ndi mapepala. Njira yodziwika ndi kulowa ngati wophunzira masitazi pa viza ya F-1, imene imalola ntchito ya pasukulu maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndipo udindo wa graduate assistant umalowa m'menemo. Mukamaliza pali chilolezo chogwira ntchito cha OPT cha miyezi 12, koma ntchitoyo iyenera kugwirizana ndi zimene munaphunzira. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa: amachita masitazi a zina, kenako uphunzitsi wa timu n'kukanidwa. Sankhani digiri ya kayendetsedwe ka masewera kapena sayansi ya masewera. Kupitirira apo pamafunika viza ya ntchito ya H-1B, imene koleji iyenera kukupemphera. Mayunivesite salowa m'maere a pachaka a viza imeneyi, koma ndalama ndi mapepala ake zimachititsa makoleji aang'ono kuzengereza, ndipo malamulo ake anasinthanso mu 2025. Funsani ofesi ya ophunzira akunja musanavomere malo.

Pakadali pano yambirani pomwe muli. Tengani setifiketi ya uphunzitsi ya England Lacrosse, pemphani kuphunzitsa timu yachiwiri ya yunivesite yanu m'masewero a Lachitatu a BUCS, mpikisano wa mayunivesite a ku Britain, thandizani pa kalabu ya ana Loweruka. Muzijambula zokonzekera zimene mukutsogolera. Kanema wa mphindi zisanu woonetsa inu mukukonza kagwiridwe ka ndodo ka mwana amanena zambiri kuposa kalata.

FUNSO: N'chiyani chimene chimawagwetsa aphunzitsi amenewa? Mphunzitsi wa sekondale, Johannesburg.

YANKHO: Kuluza kumagwetsa, ndipo mbiri yakale siteteza munthu. A Starsia aja anachotsedwa ku Virginia mu 2016, patangopita zaka zisanu chitengereni chikho chawo chachinayi, malo awo n'kutengedwa ndi a Lars Tiffany amene iwo anawaphunzitsa ku Brown. A Pietramala anali ndi zikho ziwiri, cha 2005 ndi cha 2007, pamene ankachoka ku Johns Hopkins, ndipo anabwerera kukakhala wothandizira ku Syracuse. Kutsika sitepe motero si manyazi pa ntchitoyi. Koma mukafufuza gwero la kuluzako nthawi zambiri mumalipeza zaka zitatu m'mbuyo, pa gulu la osewera amene anasankhidwa molakwika: onse omwetsa zigoli, palibe wa face-off, goloboyi mmodzi yekha. Timu yoluza face-off imakhala nthawi yaitali yopanda mpira, otchinga kumbuyo amatopa, gawo lachinayi zigoli n'kumangogwa.

Chachiwiri ndi malamulo. Uthenga umodzi wa pafoni kwa mwana tsiku lololedwa lisanakwane, chakudya chogulira kholo, ola limodzi lowonjezera pa 20 aja, zonsezi ndi milandu. Wothandizira akalakwa, NCAA imagwira mphunzitsi wamkulu. Wachinyamata amene wapalamula mlandu wotere amavutika kupezanso womuimbira foni.

Chachitatu n'chatsopano. Kuyambira Okutobala 2018 wosewera angathe kulemba dzina lake m'kaundula wa ofuna kusamuka, wotchedwa transfer portal, ndipo kuyambira Julayi 2021 amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lake. Mphunzitsi wolalata, wosafotokozera mwana chifukwa chimene akumukhazikira pa benchi, amadzuka mu Meyi osewera ake abwino atapita. Masiku ano ayenera kukopanso chaka chilichonse ana amene ali nawo kale.

Chachinayi ndi chimene timafuna aliyense achigwire, chifukwa apa pali moyo. Mpira wa lacrosse umalemera pafupifupi magalamu 145, ndipo woponya mwamphamvu amauthamangitsa kupitirira makilomita 140 pa ola. Ukamenya pachifuwa pa kanthawi kena ka kugunda kwa mtima, mtima ungathe kusokonekera pomwepo. Mu Malichi 2004 wosewera wa Cornell, George Boiardi, anamwalira atamenyedwa ndi mpira pachifuwa masewero ali mkati. Masiku ano agoloboyi ndi osewera aamuna amavala zoteteza chifuwa zoyesedwa mwapadera, koma mphunzitsi azidziwabe pamene pali makina a AED odzutsira mtima, ndipo afike nawo pa wogwayo mphindi zitatu zisanathe. Kuwonjeza zolimbitsa thupi n'koopsanso. Mu Sepitembala 2024 osewera 9 a ku Tufts anagonekedwa m'chipatala pambuyo pa zolimbitsa thupi za mphindi 45, atadwala matenda amene minofu imaphwanyika n'kutulutsa zinthu zowononga impso. Zizindikiro zake ndi kutupa, kupweteka kosaneneka, ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Ngoziyi imakonda masiku oyamba osewera akangobwera kutchuthi. Sabata yoyamba muziyamba pang'ono, kuwonjezera tsiku ndi tsiku, ndipo wachipatala wa timu akanena kuti mwana apume, mawu ake ndi omaliza.

FUNSO: Ife kuno tilibe makoleji a masewerawa. Pali chimene mphunzitsi wa kuno angatolepo? Mphunzitsi wa masewera, Zomba.

YANKHO: Chilipo, Aphunzitsi, ndipo anzathu a kum'mawa kwa Africa anayamba kale. Uganda inali dziko loyamba la mu Africa kusewera mpikisano wa dziko lonse wa amuna, ku Denver mu 2014, ndipo inapitanso ku San Diego mu 2023. Atsikana a ku Kenya anasewera mpikisano wa dziko lonse wa osapitirira zaka 19 ku Canada mu 2019. Lacrosse inaseweredwa pa Olimpiki mu 1904 ndi 1908, ndipo ikubwereranso ku Los Angeles mu 2028.

Mtundu umene ukaseweredwe kumeneko, wotchedwa sixes, ndiwo woyenera sukulu ngati yanu. Osewera ndi 6 mbali iliyonse pamodzi ndi goloboyi, bwalo ndi la mamita 70 m'litali ndi 36 m'lifupi, magawo ndi anayi a mphindi 8, ndipo timu ili ndi masekondi 30 oti iponye pagolo. Ndodo zazitali kulibe, ndipo chigoli chikalowa goloboyi amangotola mpira n'kuyambitsanso. Bwalo la mpira wa miyendo la pasukulu likukwana n'kutsala.

Yambani ndi ndodo 12, mipira yofewa, ndi malamulo osagundana, popeza zipewa zolimba ndi magolovesi n'zodula ndipo popanda zimenezi mpira wolimba suyenera kuponyedwa pagolo pali mwana. Magolo mungawotcherere kwa amisiri ndi mapaipi, ukonde wa nsomba wokhuthala n'kumangirirapo. Masabata awiri oyamba ana asasewere n'komwe. Aime mamita 5 kuchokera pa khoma la kalasi lopanda mawindo, aziponya ndi kuwakha ka 50 ndi dzanja lamanja, ka 50 ndi lamanzere, tsiku lililonse. Bungwe la World Lacrosse lili ndi dongosolo lothandiza maiko ongoyamba kumene pa zipangizo ndi maphunziro a aphunzitsi. Polemba kalata yanu mutchule chiwerengero cha ana, zaka zawo, bwalo limene muli nalo, ndi masiku amene muzikumana pa sabata.